Mabatire awiri, mkamwini mmodzi

Mlamu wanga wa ku Lusaka ali ndi matenda amene madokotala sanawapezere dzina. Munthu anabadwira ku Sasare, anakula akugona pamphasa ndi kuwerengera pa koloboyi, analimbikira sukulu kuti athawe zonsezo, ndipo anathawadi. Lero ali ndi nyumba ya matailosi, koma malipiro ake akuthera pa zida zoti akagonere pansi m'tchire. Akuti kumeneko ndiye kupuma. Apongozi anga aamuna atamva, anangofunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi amuthamangitsa pa lendi?"

Ulendo wake ndi umodzimodzi chaka chilichonse mvula isanagwe. Amanyamuka ku Lusaka pa Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba, kukhota pa Petauke kulowera kumpoto, kugona kumudzi ku Sasare, kenako kutsika ndi msewu wakale wafumbi wodzera m'dziko la Mfumu Sandwe mpaka ku Mfuwe. Msewu umenewu ndi wa chilimwe basi, dzinja ngakhale galimoto yokoka mawilo onse anayi imaugwadira. Ine ndimapita nawo chifukwa mkazi wanga amati, "Aperekezeni alongo anga, angakadyedwe okha." Zoti ine ndingadyedwe sizinamudetsepo nkhawa.

*

Chaka choyamba anabwera ndi firiji ya m'galimoto, naimangirira pa batire lomwelo lolizira injini. Inangokhala ng'ung'ung'u usiku wonse pabwalo, ana akusinthana kuika khutu pachitseko. Kutacha, nkhuku ya alendo tadya, mtedza atimangira, manja tagwirana ndi mudzi wonse, mlamu anapotoza kiyi. Thi, thi, thi. Basi.

"Akamwini alipo," anatero apongozi, osadzuka n'komwe pampando wawo wa ndalema. "Kankhani motoka."

Kwa Ansenga mkamwini safunsa mafunso. Ndinavula shati, ndinaitana anyamata asanu, tinaikankha kuchokera pankhokwe, kudutsa pamtengo wa mango, kutsetsereka mpaka kudambo. Titafika kumunsi, malilime ali panja, mlamu anatulutsa mutu pawindo.

"Alamu, ndinaiwala kukuuzani. Iyi ndi ya otomatiki. Siilira ndi kukankha."

Inakwera chitunda pobwerera itakokedwa ndi ng'ombe ziwiri, ndipo tinailiza masana ndi batire lobwereka kuchigayo. Madzulo ake mlamu anayamba kufotokozera atate ake kuti batire lolizira injini analipanga kuti lipereke moto wambiri kamodzi n'kamodzi, kwa masekondi ochepa, osati kuyamwidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Anati firiji ngati yake imadya pafupifupi 40 Ah patsiku, ndipo mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40 kuchigwa, imadya moposa apo. Mkulu uja anamvetsera mpaka kumapeto.

"Mawu onsewo n'ngachiyani? Wadya mbewu, mwananga."

*

Pobwerera tinaima kwa makaniko wina pa Petauke, wa pansi pa mtengo, amene anati nkhani ya batire lachiwiri ndi ya mphindi khumi. Anatulutsa batire lakale la lole, analikhazika kumbuyo pakati pa jeke ndi thumba la mtedza, nalilumikiza ndi la kutsogolo pogwiritsa ntchito waya wowonda ngati wa nyale ya m'bafa. Mlamu anafunsa za fyuzi. Makaniko anati fyuzi ndi ya anthu opanda chikhulupiriro.

Pa Nyimba palibe amene amadutsa osagula nthochi. Tili mkati monenerera mtengo, mayi wogulitsa ananunkhiza m'mwamba, nasuzumira pansi pa galimoto.

"Bwana, mukuwotcha chiyani kunsi uku? Ngati makala mwayatsa kale, ndikupatseni zosapsa, zowotcha."

Waya anali atakhuzika pa chitsulo cha chesesi, pulasitiki ikusungunuka, utsi uli tolotolo. Ndinazimitsa ndi mchenga ndi botolo la munkoyo. Kuyambira tsiku limenelo mlamu amalalikira uthenga umodzi kwa aliyense amene wamupeza: waya wochokera kutsogolo kupita kumbuyo akhale wonenepa, wa 16 mm² kapena kuposa, apite m'paipi pomwe akudutsa pazitsulo, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire lililonse, mbali zonse ziwiri. Analalikirapo zimenezi pamaliro, anthu akudikira nsima.

*

Chaka chachiwiri anafika ndi zinthu zenizeni. Anatsegula kumbuyo ngati munthu wovundukula mkwatibwi: batire la lithium la 100 Ah m'bokosi lake, kabokosi kena kolembedwa DC-DC, inverter, mawaya ofiira ndi akuda atagona mwaulemu. Apongozi aamuna anayandikira ndi ndodo yawo, apongozi aakazi akusenda mtedza pamkeka chapafupi.

Mlamu anayamba ndi chizungu, atate ake osamva kanthu. Ndiye ine, pofuna kuoneka mkamwini wanzeru, ndinati ndimasulire.

"Apongozi, zili ngati mitala. Batire la kutsogolo ndi mkazi wamkulu, ili la kumbuyo ndi wamng'ono. Mwamuna ndi alternator, chija chimapanga moto injini ikamalira. Mukangowalumikiza awiriwa popanda wowayang'anira, usiku wamng'ono amatapa m'nkhokwe ya wamkulu, kukacha onse awiri ali ndi njala. Ndiye pakati amaikapo nkhoswe. Injini ikalira, moto n'kukwera kupitirira 13, nkhoswe imatsegula chitseko kuti wamng'ono adyeko. Injini ikazima imatseka, aliyense agone ndi zake."

Mlamu anawonjeza kuti nkhoswe yachikale, imene amaitcha isolator, ntchito yake ndi kutsegula ndi kutseka basi. Koma magalimoto ambiri atsopano alternator yake ndi youmira, imatsitsa moto kuti isunge mafuta, moti wa kumbuyo sakhuta. Kabokosi ka DC-DC kamatenga moto wochepawo, kuukweza, n'kumampatsa wamng'ono muyezo wake, ma amp 25, kotero kuti batire likhala litatheratu limafuna ulendo wa maola anayi kuti lidzaze.

Apongozi aakazi anasiya kusenda.

"Mukuti kabokosi ako kamaonetsetsa kuti wamkulu wakhuta kaye?"

"Inde, amama."

"Ndipo wamng'ono satapa m'nkhokwe ya mnzake?"

"Satapa, amama."

"Kanali kuti kabokosi kameneka nthawi ya Kaunda?"

Apongozi aamuna anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sanazitsekere. Inali 10 koloko m'mawa. Ine mkazi wanga sanandiuzepo kuti m'banjamo munali mbiri yotero, ndipo ndiwo za tsiku limenelo ndinapatsidwa khosi la nkhuku.

*

Mawu oti mavolti m'makutu a apongozi amamveka mavoti, ndipo palibe amene wakwanitsa kuwasuntha pamenepo. Mlamu anaika kamita pa batire la kutsogolo nati, "Onani atate, 12.6, ndiye kuti ladzaza. Likatsika kufika 11.8 latha ntchito."

"Wa mavoti 12 wapambana, wa 11 wagwa? Chisankho cha komiti ya pa mjigo chimenecho."

Mlamu anapitiriza kuti mabatire akale a mtovu, ngakhale aja opangira firiji, safuna kutsika kupitirira theka. Ukamalimwa mpaka pansi pa 50 peresenti kawirikawiri limakalamba msanga, choncho pa 100 Ah zako zenizeni ndi 50 zokha, pomwe kulemera kwake ndi makilogalamu 30. La lithium limalemera 12 kapena 13, ndipo umalimwa mpaka kutsala pang'ono osadandaula.

Apongozi anagwedeza mutu, nkhope ikuwala. Apa ndiye anafika kwawo.

"Ndamva tsopano. La mtovu lili ngati pulezidenti wa masiku ano, kuyambira 2016 pafunika 50 peresenti ndi imodzi pamwamba, apo ayi mubwereze. Ili linalo ndi la chipani chimodzi. Lingatsike bwanji, likulamulirabe."

*

Cholinga cha zonsezi, musaiwale, chinali choti mlamu akakhale yekha m'tchire osapempha kanthu kwa munthu. Walira mvula walira matope.

Mbiri yoti m'galimoto muli moto wotchajira inayenda mofulumira kuposa njinga yamoto. Woyamba kufika anali a mfumu a m'mudzi, atavala jekete, foni ili m'thumba la shuga. A mfumu sungawakanize. Anatsatira mkulu wa mpingo ndi mafoni atatu, yake, ya amayi a kunyumba, ndi ina imene anati ndi ya kwaya. Kenako aphunzitsi. Kenako azakhali, amene anakumbutsa mlamu kuti anamubereka kumsana ali ndi chikuku. Pofika masana kumbuyo kwa galimoto kunali ngati nkhumba yoyamwitsa, mafoni 34 ndinawawerenga ndekha, ena omangidwa ndi mphira, ina yopanda galasi imene mwini wake amaidziwa ndi fungo.

Mlamu anaima pambali akuyang'ana foni yake, imene imamuonetsa moto wotsala m'batire. Foni imodzi imamwa 1 Ah ndi kakusefukira, kanthu kochepa. Koma 34 ndi chakudya cha firiji cha tsiku lathunthu. Ndinamuona milomo ikuyenda, ndinayesa akupemphera, koma ankachotsera.

Chakumadzulo kunabwera mnyamata wa kumigodi, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Golide wa ku Sasare azungu anayamba kumukumba zaka zoposa 100 zapitazo, anachoka, koma anyamata akadali m'maenje ndi mapiki, ndipo ena tsopano ali ndi makina ofufuzira aja olira akamva chitsulo pansi. Makinawo amafuna kutchaja. Mnyamatayo anagwada bwinobwino.

"Bwana, munditchajireko. Ndikapeza, theka ndi lanu."

Mlamu, munthu wa masamu a ku banki, maso anatuluka. Anachotsa foni ya azakhali pa 40 peresenti n'kuikapo makina. Mawa lake mnyamata anabweradi, wokhulupirika, atanyamula zimene makina anapeza: khasu lakale lopanda mpini ndi chivundikiro cha poto. Anafunsa kuti bwana asankha chiti.

Azakhali mpaka lero samuyankha moni.

*

Usiku umenewo, pamoto, apongozi anatiuza kuti za mabatire si zachilendo ku Sasare, ndipo mwana wawo asadzitame. Mu February 2012 mudzi wonse unasonkha ndalama, mnyamata anapalasa njinga mpaka pa boma ku Petauke ndi batire la galimoto pakaliyala, kukalitchajitsa, n'kubwerera nalo asidi akudya buluku lake. Anaimika mlongoti wa nsungwi, kaTV anakakhazika pa mtondo wovundikira. Chipolopolo, timu ya dziko lathu, inali kusewera ndime yomaliza ya chikho cha Africa ndi Ivory Coast ku Libreville.

Batire analiwerengera mphindi 90. Drogba anaponya penati kumwamba, mpira unatha opanda chigoli, anawonjezera mphindi 30, chithunzi chinayamba kufota m'mbali ngati chikopa cha mbuzi padzuwa. Pofika pa mapenati osewera anali ngati nyerere. Zigoli 7 kwa 7, Mweene anagwira ya Kolo Touré, mudzi unaimirira, Kalaba anaponya kumwamba, ndipo pomwepo kaTV kanati phethi, kadontho koyera pakati, zii.

"Tinakhala mumdima ngati pamaliro," anatero apongozi. "Wina anayamba kunyambita mawaya. Kenako tinamva mfuu kutsidya kwa mtsinje, kwa anthu a wailesi ya mabatire a tochi. Sitinadziwe ngati akulira kapena akusangalala, mpaka tinamva ng'oma."

Anakoka fodya wawo.

"Dziko lonse linaona Sunzu akumwetsa. Ife kuno timangokhulupirira."

*

Za ketulo ndizinena mwachidule chifukwa zimandimvetsa chisoni. Mkazi wanga anagulira amayi ake ketulo ya magetsi zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, osaganiza kuti m'nyumbamo mulibe poilumikiza. Inakhala m'katoni yake pamwamba pa kabati, ikupukutidwa fumbi Loweruka lililonse. M'mawa wina, tonse tili mtulo, apongozi aakazi anaona soketi ya pa inverter, mabowo atatu enieni ngati a m'tauni.

Tinadzidzimuka ndi kulira kwa pwiii ngati mwana wa nkhumba wapanidwa pampanda. Ketulo ndi ya mawati 2000, inverter ya mlamu ndi ya 600. Kuti madzi amenewo awire, batire likanafunika kutulutsa ma amp pafupifupi 170 nthawi imodzi, ndipo inverter inangodzizimitsa yokha isanapse. Tinapeza mayi ataima chilili, manja kumbuyo, madzi ali zizirire.

"Imawira ndi phokoso chonchi?"

Palibe amene analimba mtima. Ndinazemba nayo ketulo kuseri, ndinathiramo madzi owira a pamafuwa, n'kubwera nayo ikufuka nthunzi. Anamwa tiyi makapu atatu, nati wa magetsi amakoma mosiyana.

*

Sola ya mlamu ndi yopinda ngati buku, ya mawati 120, ndipo dzuwa likakhala paliwombo imapereka ma amp 6 kapena kuposerapo pang'ono. Anaiyala pabwalo, tinapita kukaona manda a agogo. Pobwerera foni ikuti moto ukulowa ndi theka la amp. Anayamba kutukwana amene anamugulitsa, mpaka tinakhota pangodya ya nyumba n'kupeza sola yonse yayalidwa nkhwani wofutsa, m'mphepete mwake muli tsabola.

Anafotokoza, mtima atauphimba, kuti timagalasi ta sola tinalumikizana ngati anthu opatsirana njerwa pamzere, kotero ngakhale tsamba limodzi litaphimba kamodzi, mzere wonse umafooka. Alamu anga aakazi anamvetsera, nati mfutso wa pamenepo unauma tsiku limodzi, wopanda mchenga, ndipo ngati achimwene akufuna kugula ina, iyi isabwerere ku Lusaka.

*

Chaka chimenecho tinatenganso mnzake wa mlamu wa kuntchito, Mubemba wa ku Kasama. Mukudziwa chimbuya chathu: iwo amati ife a kum'mawa timadya makoswe, ife timati iwo anamaliza anyani m'mapiri. Munthuyo kuyambira pa mlatho wa Luangwa ankangofunsa ngati tifike msanga "ku famu ya ndiwo".

Tsiku lachitatu firiji inazima. Batire lodzaza, fyuzi yabwino. Mbuya uja anakwawira pansi ndi tochi, anatuluka atanyamula waya wodukaduka, mano akuoneka bwinobwino papulasitiki. Anapita nawo kwa apongozi, anagwada mwaulemu wonse, nauika pamapazi awo.

"Atate, ndabwera ndi mlandu. Ndiwo zanu zadya waya wathu."

Apongozi anautembenuza wayayo, anauyang'anitsitsa ngati sing'anga.

"Mano awa ndi a khoswe wa m'nyumba. Khoswe sitidya, ameneyo ndi wakuba ngati anthu ena ochokera kumpoto. Mbewa imakhala kumunda, imadya zoyera, ndipo ili ndi mwambo. Siingalowe m'motoka ya mlendo osaodira."

Waya tinalumikiza. Usiku ana anapempha kuti asungireko kanthu kawo m'firiji, mlamu n'kuvomera ali m'tulo. M'mawa mbuya anatsegula kuti atenge soseji wake, anapeza mbewa khumi ndi ziwiri zowiritsa zitandandalikidwa pambale, michira mbali imodzi, zozizira bwino. Anakuwa mpaka agalu anathawa. Koma pochoka ndinaziwerenganso, zinali khumi ndi imodzi, ndipo munthuyo ulendo wonse wotsika kuchigwa sanatchulenso za famu.

*

Tinanyamuka tsiku lachinayi, injini inalira kamodzi kokha, ine shati ili pathupi. Midzi inayamba kutalikirana, minda ya thonje inatha, tinalowa m'mitengo ya mupani yopanda tsamba, akashembe akumenya magalasi. Tinawoloka mitsinje ya mchenga wokhawokha, ndowe za njovu zili mumsewu. Netiweki inatha kalekale. Maola anayi akugwedezeka kwa msewu umenewo anadzaza batire mpaka 100, ndipo mlamu ankationetsa nambalayo ngati satifiketi ya mwana.

Dzuwa likulowa tinapatuka, tinamanga msasa pansi pa mlambe. Anayatsa timagetsi take tating'ono, anatulutsa mipando yopinda, anatsegula firiji, botolo lililonse lili ndi mame. Kutali fisi analira. Mlamu anatambasula miyendo, napuma mpweya wautali.

"Alamu, mwamva? Palibe munthu. Palibe wopempha. Izi n'zimene ndinalipirira."

Tisanafike pakati pa botolo, tinamva tcheni cha njinga chikulira m'tchire, kwee, kwee, kwee. Munatuluka bambo wovala magambuti, thukuta lili chuchuchu, pa handulo palendewera jumbo yolemera. Anatsika, anatsamiritsa njinga pamlambe, anawomba m'manja.

"Muli tyani, abwana? A mfumu a ku Sasare anatumiza mawu dzulo kuti mudutsa." Anamasula jumbo ija. "N'zisanu ndi zinayi chabe. Anzanga a kutsidya akubwera m'mbuyomu ndi za kwawo."